Aphunzitsi Achita Thovu M'magazi

4 Febuluwale

Achemwali,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Abambo ali bwanji? Ndikulemba papepala monga analamulira, poti kompuresa yawo ija inawagonthetsa makutu, ndipo pafoni amangoti "eya, eya" ngakhale ndikuwafunsa funso. Muwawerengere mokweza, koma pamene ndikudziyalutsa mudumphe.

Ndasintha ntchito. Kutsuka mabokosi a nsomba kuja ndasiya, tsopano ndimalowa pansi pa madzi. Musaseke. Inde, ine yemwe uja, amene ndinaphunzitsa fizikisi zaka khumi ndi ziwiri madzi ndikungowadziwira m'ndowa. Kuno nsomba amaweta m'makola a maukonde pakati pa nyanja, ndiye ukonde ukang'ambika pamafunika munthu wotsika ndi silinda ya mpweya kumsana kukasoka. Mwaona, usoki uli m'magazi, si inu nokha atelala pabanja pathu.

Anatiphunzitsa miyezi inayi. Mayeso olemba ndinakhoza kuposa onse, mpaka ndinadzuka kukakonza mphunzitsi pabolodi. Tsiku loyamba m'madzi ndinatsika mamita atatu okha, makutu n'kuyamba kubaya ngati akukhomamo misomali, ndipo ndinavuuka ndikukuwa kuti ndikufa. Akapitawo athu, munthu amene sukulu anangoinunkhiza, anandigwira mphuno n'kunena kuti, "Tseka apa, uzira pang'ono." Makutu anangoti phu, ululu n'kutheratu. Chinthu chimenechi ndinkachijambula pabolodi chaka ndi chaka, ana n'kumakopera.

Abambo muwauze chonchi, amva. Mamita khumi alionse ukamatsika, madzi amakupanikiza ndi ba imodzi, ba yomweyo ya pa geji yawo yoyezera matayala. Ine ndimagwira ntchito pa mamita makumi awiri. Ndiye kuti mwana wawo amakhala mu pulesha ya tayala la galimoto yaing'ono tsiku ndi tsiku.

Kodi akadakwiyabe kuti ndinasiya choko? Mundiuze zoona, ndi zonse za kumeneko.

Ndine mlongo wanu

18 Febuluwale

Aphunzitsi,

Ife tili bwino, kaya iwe ndi nsomba zako. Kalata yako ndinawawerengera yonse, sindinadumphe ndi mzere umodzi womwe. Ndinawerengera pashedi pomwepo, makasitomala awiri akudikira matayala awo, ndipo poti ndimachita kukuwa kuti amve, msewu wonse tsopano ukudziwa kuti unalira pa mamita atatu. Amayi ogulitsa makala aja akupereka moni ndi chipepeso.

Abambo sanaseke. Anapitiriza kumata chubu, kenaka anati, "Ndinamutumiza kusukulu kuti asamanyowe." Koma nditabwerera pamakina anga, ndinawaona pawindo atatenga geji n'kumayang'anitsitsa pamene palembedwa ba ziwiri. Poweruka anandituma ndikufunse: tayala limapirira chifukwa lili ndi waya mkati, nanga iwe wopanda wayawe, bwanji suphwanyika? Akuti asamve za m'buku, uyankhe ngati munthu.

Tsopano za kuno. Abambo akuonda. Mathalauza awo ndawachepetsa kawiri m'miyezi itatu, ndipo telala sanamizidwa ndi chiuno cha munthu. Chakudya amangotola pang'ono n'kunena kuti akhuta. Tayala la lole limene ankaligubuduza ndi dzanja limodzi, dzana anapumira kawiri asanafike nalo pakhoma. Ndikatchula chipatala amati ndi ukalamba chabe, dokotala awauza chiyani chachilendo? Iwe ndi iwo ndinu amodzi, inu odziwa zonse. Ndili ndi mantha, mlongo wanga. Lemba uwauze, mwina mawu ochokera kunja amalemera kuposa anga.

Ine mlongo wako

3 Malichi

Achemwali,

Moni nonse. Zikomo pondiyalutsa, ndipo amayi a makala muwathokoze. Apa werengani mokweza ndithu.

Abambo, sindiphwanyika chifukwa thupi la munthu pafupifupi lonse ndi madzi, ndipo madzi safinyika. Chofinyika ndi mpweya, wa m'makutu ndi wa m'mapapo. Ndiye kachipangizo kamene ndimaluma pakamwa kamandipatsa mpweya wa pulesha yofanana ndi ya madzi ondizungulira, kunja ndi mkati n'kulingana. N'chifukwa chake silinda imatha msanga pansi. Pa mamita makumi awiri ndikakoka mpweya kamodzi, ndamwa wokoka katatu kumtunda.

Choopsa si kutsika, koma kukwera. Mutapopa chubu pansi pa mamita khumi n'kuchisiya chikwere, pofika pamwamba mpweya uja watupa kawiri. Mapapo ndi chimodzimodzi, choncho pokwera sugwira mpweya m'chifuwa. Chachiwiri ndi ichi: pansipo mpweya wina wotchedwa naitirojeni umasungunukira m'magazi mwakachetechete, ngati gasi wa m'botolo la chakumwa. Ukatsegula botolo pang'onopang'ono umatuluka mwaulemu, ukatsegula mwaphuma ndi thovu lokhalokha. Ndiye timakwera mwachinkhono, pa mamita asanu n'kuima mphindi zitatu titagwira chingwe, kumangoyang'anizana ngati anthu odikira basi. Ukatulukanso sukwera ndege mpaka litapita tsiku lathunthu, poti m'mwamba pulesha ndi yochepa, botolo limatseguka kachiwiri.

Anzanga malamulowa amangoloweza pamtima. Ine ndimawerengera ndekha ndi pensulo, ndipo anditcha Pulofesa. Amatchula akumwetulira, ndiye sindikudziwa ngati ndi ulemu.

Tsopano abambo, inu simulola galimoto ichoke pashedi panu musanaike geji, ngakhale mwini wake alumbire kuti matayala ali bwino. Pitani kuchipatala akakuikeni geji. Ndapota nanu.

Achemwali, mundilembere zimene akanene.

Mlongo wanu

19 Malichi

Mlongo wanga,

Moni. Lero ndilibe nthabwala zambiri.

Anapita. Nkhani ya geji ija inawagwira, ngakhale m'njira monse ankang'ung'udza kuti mwana waphunzira mwano pansi pa madzi. Awajambula, ndipo apeza chotupa m'matumbo. Adokotala akuti chikachotsedwa msanga pali chiyembekezo chachikulu, koma chikachedwa chidzafalikira. Atipatsa 24 Epulo. Anamwino anandinong'oneza kuti tsikuli tiligwire ndi manja awiri, poti mzere wa odikira opaleshoni ndi wautali.

Vuto ndi ili. Pali pepala lofunika kusaina, lovomereza kuti awang'ambe. Abambo analipinda kanayi, n'kuliika m'thumba la ovololo, n'kunena pamaso pa adokotala kuti, "Ndisaina mwana wanga wamwamuna ataima apa." Ine amene ndimawaphikira ndi kuwachapira ndinali chiimire pomwepo ngati mpando. Zinandipweteka, sindikubisa, koma si nthawi yake ino. Ndawanyengerera, alamu ako awanyengerera, akungoti zaka zitatu sanakuone ndipo salowa m'chipinda chimenecho asanakuone.

Ukuwadziwa. Akati ayi, ndi nati yadzimbiri. Bwera, usandiuze za ntchito. Undiyankhe tsiku lofika.

Ine mlongo wako

2 Epulo

Achemwali,

Moni, ndipo pepani kuti mwasenza zonsezi nokha. Ndikubwera. Tchuthi andipatsa, tikiti ndagula. Ndinyamuka pa 21 Epulo masana ndi kandege kakang'ono kupita kumzinda waukulu, kumeneko n'kukwera yaikulu, ndipo pa 22 m'mawa ndidzakhala nditatera. Cholembera chosainira ndibweretsa ndine. Muwauze abambo kuti ndikuwatengeranso chinthu choti akhulupirire kuti mwana wawo amagwira ntchito yeniyeni. Zonse ndawerengera, palibe chingalakwike.

Mlongo wanu

25 Epulo

Iwe,

Moni ndikupatsa chifukwa malemu amayi anatiphunzitsa kuyamba ndi moni.

Pa 22 tinali kubwalo la ndege kusanatenthe. Abambo anatseka shedi, chinthu chimene sanachitepo chiikireni amayi m'manda. Anavala jekete imene ndinawachepetsera, anameta, manja anawakwecha ndi sopo mpaka mizere yakuda ija inayera pang'ono. Anthu anatuluka onse, ndi oyendetsa ndege omwe anatuluka, iwo ali chiimire pachitseko chagalasi chija. Ndinawapempha akhale pansi, anakana kuti ungawadutse osawaona. Pofika masana anangoti, "Tiyeni, matayala akudikira."

Foni yako ndaimba mpaka chala chatupa. Ikuitana, sukuyankha. Ndiye kuti uli moyo, poti foni ya wakufa imatha moto.

Dzulo linali tsiku lija. Ndinapita ndekha kuchipatala kukapepesa, ndipo malo awo apatsidwa kwa munthu wina. Adokotala sanakalipe, anangovula magalasi n'kundifunsa ngati abambo akumvetsa kuti chotupa sichidikira alendo. Pepala lija likadali m'thumba la ovololo, lada ndi girisi.

Ngati unasintha maganizo ukananena. Ngati kuli mkazi kumeneko, kapena ukuchita manyazi ndi shedi ya matayala tsopano poti ndiwe Pulofesa, nena. Ndakwiya kwambiri, ndipo abambo akafa ndi chimenechi sindikudziwa ngati ndidzakuyang'ananso kumaso. Dzina lako sakulitchula. Yankha.

Mlongo wako

8 Meyi

Achemwali,

Moni, ngati mungaulandire. Kalata yanu ndaipeza pansi pa chitseko dzulo pochokera kuchipatala. Zonse mwanenazo n'zondiyenera, kupatula za mkazi. Palibe mkazi angafune chitsiru chotere.

Pa 20 akapitawo anandichotsa pa ndandanda ya otsika, chifukwa cha ndege. Pa 21 m'mawa ndinapita kudoko kukangotsanzika. Ndinapeza anzanga akuvala, mmodzi ali ndi kamera ya pansi pa madzi yojambulira maukonde. Mtima unandiuza kuti: chithunzi. Abambo akandione ndili pa mamita makumi awiri, singano ya ukonde m'manja, geji ikuoneka, aleke kunena kuti ndinataya sukulu. Akapitawo anati, "Pulofesa, si lero ndege yako?" Ndinawayang'ana m'maso n'kunama kuti aisintha, ndi mawa.

Musaganize kuti ndinaiwala lamulo. Ndinakhala pa bokosi, ndinatulutsa pensulo, ndinawerengera kuseri kwa tikiti yomweyo. Mphindi makumi awiri ndi zisanu pansi, maola asanu ndi awiri ndisanakwere ndege, naitirojeni adzakhala atatuluka wokwanira. Ndinati tsiku lathunthu lija anaikira anthu osadziwa masamu. Chimene sindinawonjezere ndi naitirojeni wotsalira wa masiku anayi amene ndinatsika motsatizana sabata imeneyo. Kuiwala zotsalira, achemwali, cholakwa chimene ndinkazunguliza ndi inki yofiira m'makope a ana.

Kandege kaja katangokwera, phewa linayamba kupweteka ngati muli mchenga. Ndinati ndi chikwama. Kenaka bondo. Kenaka miyendo inachita dzanzi, ndipo nditafuna kuimirira inakana. Ndinadziwa dzina la matendawo, chifukwa chake, ndi tsamba la buku pamene alembedwa, koma zonsezo sizinadzutse mwendo ndi umodzi womwe. Ananditsitsa pa machira anthu akuonerera.

Kuchipatala cha mumzinda waukulu anandilowetsa m'chithanki chachitsulo chonga cha kompuresa ya abambo, koma cholowa munthu. Amatseka chitseko, n'kupopa mpweya mpaka pulesha ifanane ndi ya pansi pa madzi kuti thovu lisungunukenso, kenaka n'kumaphwetsa pang'onopang'ono maola asanu. Anandipopa kasanu. Mwana wa wopopa matayala, kupopedwa ngati tayala. Dokotala wake, mtsikana woti ndikanamuphunzitsa, anabwera ndi botolo la chakumwa kudzandifotokozera za thovu. Atandifunsa ntchito imene ndinkagwira kale, ndinati ndinkagulitsa nsapato.

Foni ndinkaiona ikuwala ndi dzina lanu. Masiku oyamba sindikanatha kuyankha. Masiku enawo ndikanatha, koma ndinachita manyazi. Ndinkati ndiyankha mawa ndikapeza mawu abwino, mpaka 24 inadutsa ndili chigonere, ndikudziwa bwinobwino chimene ndawalanda abambo. Ndinalira, ndipo ulendo uno panalibe wondigwira mphuno.

Ndikuyenda tsopano, mwendo wamanja ukukoka pang'ono. Ndege andiletsa mpaka pakati pa Juni. Chithunzi chija anzanga anditumizira: mukuoneka thovu, mchira wa nsomba, ndi chigongono cha munthu amene angakhale wina aliyense.

Ndikupempha chimodzi. Iyi yokha musawawerengere. Muwauze kuti ndinadwala basi, kapena asiyeni aziganiza kuti ndine mwana wopanda mtima, n'kwabwino kusiyana n'kuti adziwe kuti anaphunzitsa chitsiru. Koma agwireni mwendo asaine, asadikire ine. Ali bwanji? Akudya?

Mlongo wanu wopusa

22 Meyi

Mwana wanga,

Ndine bambo ako, akulemba ndi mlongo wako. Ndamuuza alembe momwe ndikunenera, asakometse. Moni. Mwendo uli bwanji?

Kalata yako wandiwerengera yonse. (Unkayembekeza chiyani? Koma ulendo uno ndinatseka chitseko.) Pa nsapato paja ndinaseka mpaka m'mimba munapweteka, ndipo ndinamuuza abwereze. Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Ine chiyambire ntchito sindinaonepo tayala likuphulikira munthu wosadziwa, amene uja amaopa, amaima patali. Limaphulikira ife akatswiri, amene timayeza ndi chala geji ili m'thumba.

Tsopano poti iwe wavula, nanenso ndivule. Sindinkadikira iwe ayi. Ndinkaopa mpeni. Amayi ako analowa m'chipinda chonga chimenecho akulankhula, anatuluka ataphimbidwa kumaso. Adokotala atanditambasulira pepala lija, ndinafunafuna pobisala, n'kupeza iwe. Ndinati uyu ali kutali, ali ndi ntchito, mwina sabwera. Tsiku lija kubwalo la ndege ndinakwiya zoona, koma pansi pa mkwiyowo kamtima kena kankavina kuti ndapulumuka. Nkhalamba yathunthu kubisala kumbuyo kwa mwana, mwana wina ali pompano akundichapira. Ameneyu ndamupepesa pamaso, alembe kapena asalembe. (Ndalemba.)

Ndiye usadzitukwane wekha. Iwe unali pansi pa madzi, chingwe chako ndinachikoka mwaphuma ndine. Za chithunzi, unavutikiranji? Makalata ako ndimawasunga m'bokosi la masipanala. Woyendetsa lole aliyense amene waima pano chaka chino wamva kuti mwana wanga amagwira ntchito mu ba ziwiri. Kuti sindinakuuze iweyo, ndiye kupusa kwa kwathu kumeneko, unatengera pompano.

Pepala lija ndasaina dzulo, ngakhale anachita kundipatsa lina poti loyamba linali losawerengeka ndi girisi. Wina wasiya malo, ndiye andiika pa 30 mwezi uno. Mantha sanathe, ndikupita nawo.

Iwe usakwere ndege, usakwere phiri, ngakhale mpando usakwere, mpaka mtsikana wa botolo uja atalola. Pensulo umupatse asunge. Chithunzi cha chigongono chija tumiza, ndichidziwa ine chigongono cha mwana wanga.

Bambo ako

3 Juni

Mlongo wanga,

Moni. Khala pansi, koma usaope.

Analowa pa 30 m'mawa, dzanja lawo lili m'dzanja langa mpaka pachitseko. Anakhalamo maola anayi. Adokotala akuti chotupa chinali chitakula kuposa pa chithunzi choyamba, ndipo adula matumbo aatali kuposa mmene akanadulira mu Epulo. Akuti mwezi wina umodzi, akanangotsegula n'kutsekanso. Ndakuuza kuti udziwe, osati kuti uyambenso kulira. Mlanduwo mugawana awiri.

Atatsitsimuka, adokotala anati asadye kanthu, ndipo sitinganene kuti zatheka mpaka matumbo osokedwawo atadzuka. Chizindikiro chake n'chakuti mpweya utuluke kumusi. Ndikulemba zimenezi za bambo anga ondibala chifukwa andikakamiza. Masiku atatu takhala tikudikira. Anamwino akalowa, funso ndi lomwelo, abambo n'kupukusa mutu mwamanyazi, mimba ili ndii. Dzulo adokotala anayamba kunena zoti mwina awabwezanso kuchipinda chija, ndipo ndinaona nkhope ya abambo ikugwa.

Lero m'mawa ndikuwapukuta kumaso, zinachitika. Wodi yonse inamva. Bambo wa bedi loyandikana anawomba m'manja, anamwino anabwera akuthamanga, ndipo abambo, amene makutu awo sanamve kanthu, anangoona anthu akusangalala n'kufunsa kuti, "Ndine?" Nditavomera anatseka maso n'kunena kuti, "Lembera Pulofesa. Umuuze kuti vavu yotulutsira mpweya ikugwira ntchito."

Ine ndinatuluka pakhonde n'kulira ngati mwana, anthu n'kumandipepesa poganiza kuti ndaferedwa.

Masana ano amwa tiyi masipuni anayi, ndipo akuti wachepa shuga.

Ine mlongo wako